Chogwirira cha Mkamwini

Mwendo wanga wamanzere unafota ndi poliyo ndili wakhanda, choncho za kukoma kwa kuthamanga musandifunse. Chimene ndimachidziwa bwino ndi mtsetse wa kwathu. Nyumba za mbumba ya agogo anga zinali pamwamba pa chitunda, kumapiri a ku Lobi, ndipo china chilichonse chinali kunsi: msewu, chigayo, tchalitchi, sukulu. Njira yachidule yotsikira inali imodzi, yopanikizika pakati pa chimwala chachikulu ndi chigwembe. Ina inalipo, ya ng'ombe, yozungulira phiri lonse, koma imeneyo ngakhale a miyendo iwiri ankaidandaula.

Sukulu ndinayamba ndili pamsana. Amayi ankanditsitsa m'mawa n'kundisiya pamsewu, pomwe ndodo yanga inkayambira ntchito, masana n'kudzandichingamira. Tinatero mpaka mapazi anga anayamba kuwagunda m'mawondo ndili pamsanapo. Kenaka amayi anaima, mimba n'kukula. Tsiku lina mvula ya mawawa itafewetsa dothi tinaterereka tonse awiri, ndipo chinatipulumutsa ndi chitsa chimene amayi anachigwira pamphepete penipeni pa chigwembe.

Madzulo a tsikulo amalume anagamula. Iwo anali achimwene awo a amayi, eni mbumba, komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Zinali zaka za chipani chimodzi, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, ndipo amalume baji yawo ankaivala ngakhale popita kudimba.

"Mwanayu akhale pansi," anatero. "Dzina lake akudziwa kulemba, akufunanso chiyani? Azitongola chimanga pakhonde. Tisaphe anthu awiri chifukwa cha sukulu ya wolumala."

Ndinamva ngati anditsekera m'nkhokwe. Kusukulu ndi kokhako komwe ndinkasiya anzanga m'mbuyo. Pa masamu palibe ankandipeza, ndipo aphunzitsi akafunsa funso sankayang'ana mwendo, ankayang'ana dzanja lokwezedwa. Kundichotsa kumeneko kunali kundibwezera pamphasa moyo wanga wonse.

Ababa anali mkamwini wochokera cha ku Mayani, kalipentala wosalankhulalankhula, amene anaphunzira ntchito pothandiza kumanga tchalitchi cha pamishoni. Makwerero okwerera m'chipinda cha kwaya anakhoma ndi iwo. Koma pamudzi pa akazi awo mawu awo ankalemera ngati gaga. Anangodzuka m'mawa mwake, natenga chingwe ndi matabwa angapo, nandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Ponda apa," anatero ataika thabwa limodzi pansi. Ndinaponda. Anasanjikapo lina, ndinapondanso. Anapitiriza mpaka pomwe ndinayamba kupendama ndi kuluma mlomo, ndipo anachotsapo limodzi n'kumanga mfundo pachingwe.

"Chipumi chako ndi chimenechi."

"Chipumi changa chili apa," ndinatero ndikuloza pankhope.

"Sitepenso ili ndi nkhope. Mbali yoimirirayi ndi chipumi. Yogonayi, pomwe phazi limatera, ndi popondera. Kakutulukira kutsogolo aka ndi mlomo. M'tchalitchi muja ndinaika milomo kuti akongole, koma ako ndiwadula milomo, chifukwa phazi lakoli limakokera pansi, lingamakodwe."

Popondera anapayeza kuti pakwane mapazi anga awiri ndi ndodo, pasachepe. Kenaka anandiimika chilili, nati nditsitse mkono, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pamene chikhatho chinali. Umenewo unali msinkhu wa chogwirira. Palibe munthu anali atandiyezapo kuti chinthu chipangidwe molingana ndi ine. Ngakhale madiresi ndinkalandira osiyidwa ndi asuweni.

Miyala ku Dedza sitigula, imatipunthwitsa yokha. Ababa ankaikunkhuniza madzulo akaweruka, n'kumaiyala pamtsetse, sitepe iliyonse yopendekera pang'ono kutsogolo kuti madzi asamadikhepo, m'mbali ngalande. Nsanamira anadula za bulugamu, n'kuziwaula kumatsinde kuti chiswe chisazikonde. Ya pamwamba ndi ya pansi anasankha zonenepa kuposa zonse, ati munthu amagwa poyamba ndi pomaliza, pamenepo ndiye amakoka ndi mphamvu zake zonse. Mtanda wogwirira unali wa paini. Anaupala ndi pulena, kenaka ntchito yanga inali kuukwecha ndi phale la botolo mpaka usalale, kuti usandibaye m'manja. Pakati pa nsanamira anakhomamo timitengo toimirira, tothinana, timene ankatitcha nthiti, kuti ndodo kapena mwendo wofotawu usapulumukire kuchigwembe.

Chogwirira anachiika mbali zonse ziwiri. Ndodo ndinkagwira ndi dzanja lamanzere, choncho lamanja lokha ndilo linali lomasuka: potsika linkafuna mtanda wa mbali ya chimwala, pokwera wa mbali ya chigwembe. Kwa ine zimenezi zinali zanzeru zokhazokha.

Tsiku loyamba kutsika ndekha ndinanyada, ndikunena mosabisa. Ndinatsika mutu uli m'mwamba, chikwama chikundimenya pamsana, paini akununkhira m'manja. Amayi anaima pamwamba atagwira mimba, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Akuluakulu ankang'ung'udza kuti masitepewo ndi a nkhuku, munthu umachita kudumpha awiriawiri, ndipo chogwirira chimafika m'ntchafu. Ine ndinkangoti mumtima, si anu.

Koma ababa, poyeza zonsezo, anaiwala chinthu chimodzi: anaiwala kuti ndi mkamwini.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakumana maso. Chikwatirireni, ababa ndi agogo anali asanayang'anizanepo. Akaonana patali panjira, ababa ankapatukira m'tchire, n'kunyonyomala chozimbaitsa nkhope, n'kuomba m'manja mpaka agogo adutse. Chonena chikakhalapo ankatuma mwana. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo onse awiri ankausunga monyadira. Pamtsetse paja kale munthu ankatha kukwawira m'udzu. Tsopano panali mpanda uku, mpanda uku, nthiti zothinana zoti ngakhale mbuzi singadutse, ndipo masitepe ankakhota pachimwala moti wotsika sankamuona wokwera.

Zinachitika m'mawa wina wa m'nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba phiri. Ine ndinali patsogolo, ababa pambuyo panga atasenza chitseko chimene ankakapereka kwa mwini wake kumsewu. Titafika pokhota, agogo anatulukira m'nkhungumo, dengu la kabichi pamutu, akuchokera kudimba. Anali pafupi moti mpweya wa m'kamwa mwawo unkaoneka kusakanikirana ndi wathu.

Ababa anayesa kutembenuka, chitseko chinakana, chinagunda nsanamira. Anayesa kunyonyomala, chitseko chinatsamira pamitanda iwiri ija ngati denga. Agogo anakuwa, "Mayo ine!" n'kukoka chitenje kuphimba kumaso, dengu n'kugwa. Makabichi anayamba kutsika masitepe mmodzimmodzi, mwaulemu, ngati akupita ku Misa. Pamenepo ababa anasiya chitseko, nalumpha chogwirira cha mbali ya chigwembe. Buluku linakola pamutu pa nsanamira, linang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka pabondo, iwo n'kukagwera m'zitsamba zaminga.

Ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, ndipo amayi atatu amene ankabwera pambuyo pa agogo anaona zonse. Pofika masana nkhani inali itafika kuchigayo, itamera kale nthenga: ati mkamwini wavula pamaso pa apongozi.

Dzuwa lisanalowe amalume anatiitanitsa pansi pa mtengo wa mapichesi. Ababa anakhala pansi chapatali, mabala a minga ali mbwee m'manja.

"Alamu," anayamba amalume, "kuno munabwera kudzakwatira kapena kudzatchera amayi anga msampha?"

"Ndinalakwitsa, alamu. Ndikonza."

"Palibe chokonza. Mpanda wanuwo uchoke. Mwamanga khola panjira ya eni mudzi, lero mbumba yonse ikusekedwa."

"Koma mwanayu, sukulu..."

"Mwanayu ndi wa kuno. Za iye ndinanena kale." Anakonza baji yawo, n'kuwonjezera mawu amene anatseka pakamwa pa aliyense. "Ndiponso mitengo yosalala chonchi ikufunika. Kukubwera msonkhano wa chipani, tikufuna yomangira chipata cholandirira alendo. Mwapereka, alamu. Kapena mukukana?"

Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse kulemera kwa funso limenelo. Anthu ankatengedwa ndi galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa "ayi", ndipo abale awo sankafunsa komwe apita. Ababa anayang'ana pansi nati, "Sindikukana." Sindinawaimbepo mlandu pa zimenezo, ngakhale tsiku limodzi. Amene ndinakwiya nawo ndi amalume, ndiponso agogo, amene anakhala pamphasa chofulatira osatulutsa liwu.

M'mawa mwake anyamata a chipani anazula nsanamira zonse, nakaziunjika kuseri kwa nyumba ya amalume pamodzi ndi mitanda ndi nthiti. Miyala anaisiya chifukwa inali yolemera. Panatsala masitepe amaliseche, maenje m'mbali, chigwembe chili kukamwa yasa. Ndinayesa kutsika ndi ndodo yokha, pasitepe yachiwiri mutu unazungulira.

Amayi anati andibereka. Ndinayang'ana mimba yawo ndi kukana. Ababa anati azindinyamula asanapite kuntchito. Ndinakananso.

"Sindine thumba la chimanga."

"Nanga utsika bwanji, mwanawe?"

"Muona."

Ndinkadziwa kuti akandinyamula aliyense mtima ukhala m'malo. Akanandinyamula sabata imodzi, ziwiri, kenaka tsiku lina ababa akanapeza ntchito kutali, ndipo nkhani ya sukulu ikanafa yokha popanda woipha. Ine ndinkafuna anthu aone.

Ndinaponya ndodo kunsi, ndinakhala pansi pasitepe yoyamba, n'kuyamba kutsika chokhala. Manja pansi, thako pansi, mwendo wofota ndikuukoka ndi dzanja. Miyala ya m'chisanu imaluma ngati ili ndi mano. Pofika pamsewu yunifolomu inali yofiira kumbuyo konse. Ndinatola ndodo, ndinaimirira, ndinapita kusukulu choncho, osasasa n'komwe fumbi. Pobwera ndinakwera chokwawa, mawondo ndi zikhatho, chikwama ndili nacho m'khosi.

Nyumba ya amalume inali pamwamba penipeni, pomwe masitepe ankathera. Sindinkaidutsa mwakachetechete. Ndinkakwawa mpaka pabwalo pawo, n'kugwada bwinobwino monga mwana woleredwa, n'kuomba m'manja mwa matope mwangamo.

"Mwaswera bwanji, amalume? Ine ndaswera. Ndabwerako kusukulu."

Ndinkakweza mawu kuti ndi a nyumba zoyandikana amve. Akakhala ndi alendo a chipani pakhonde, ndiye ndinkapereka moni kwa mmodzimmodzi, mosafulumira. Moni ulibe mlandu. Mwana wopereka moni atagwada sungamumenye, sungakamunenere kuboma. Amalume ankayankha ndi m'mphuno, maso ali kumbali.

Amayi opita kuchigayo akandipeza ndikukhwekhwereza thako pamiyala ankagwira pakamwa. "Kalanga ine, mwana wa yani ameneyu? Mitengo ija inapita kuti?"

"Kafunseni a tcheyamani," ndinkatero. "Ndi amalume anga."

Musaganize kuti zinali zokoma. Mawondo anasupuka, zilonda zikati zipole miyala inkazitsegulanso. Yunifolomu inabooka, amayi anaika chigamba, chigamba chinabookanso. Anyamata ena kusukulu ankanditcha nkhanu. Pokhota paja, pomwe chimwala chinkandibisa kwa a pamwamba ndi a kunsi omwe, ndinkaima n'kulira mokwanira, kenaka n'kupukuta kumaso ndi kupitiriza. Ababa anaonda ndikuwaona. Madzulo ankanditsuka mawondo ndi madzi a mchere.

Tsiku lina ndikulira pokhota pomwepo, ndinamva munthu akutsokomola. Agogo anali atakhala pasitepe ya pamwamba panga, mtolo wa nkhuni uli pambali. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anandiyang'ana mawondo, anandiyang'ana kumaso.

"Ukufuna kutipha ndi manyazi, iwe?"

"Ndikufuna kupita kusukulu, agogo."

"Liuma limeneli unalitenga kwa yani?"

Yankho ankalidziwa okha, chifukwa anasekera m'chitenje, nasenza nkhuni zawo n'kumapita.

Loweruka lotsatira, dzuwa litakwera, anthu ali pakhomo, agogo anamanga chitenje m'chiuno n'kulunjika kuseri kwa nyumba ya amalume. Anasolola mtanda umodzi wa paini pamulu paja, nauika paphewa. Amalume anatuluka akuthamanga, malaya osamanga mabatani.

"Amayi, siyani! Imeneyo ndi mitengo ya chipani!"

"Ndi mitengo ya mwana wa mlongo wako."

"Ndinachotsa chifukwa cha inu. Munachititsidwa manyazi pamaso pa anthu."

"Manyaziwo anali anga," anatero agogo osatsitsa mtandawo. "Ndinakutuma kuti ukandichitire manyazi? Ine ndinaphimba kumaso, zinatha. Apongozi anga analumphira m'minga kundilemekeza ine, iwe unayamba walumphirapo chiyani? Manyazi enieni ndi awa ndikuwaona m'mawa uliwonse, mdzukulu wanga akupukuta miyala ndi thako, anthu akufunsa kuti kodi pamudzipo palibe akuluakulu."

"Amayi, nkhaniyi ikamveka kumtunda..."

"Kanene. Kawauze kuti abwere ndi galimoto adzatenge mayi ako chifukwa cha bulugamu. Ine pamtsetse womwewu ndinakubereka pamsana uli ndi makutu otuluka mafinya, sindinakusiye pakhonde kuti uzitongola chimanga."

Amalume anangopatuka panjira. Tcheyamani amaopedwa ndi dera lonse, koma naye ali ndi amake. Amayi aakulu ndi amayi aang'ono, amene masiku onsewo anali chete ngati madzi a m'mtsuko, anadzuka mmodzimmodzi n'kuyamba kututa. Pofika masana mulu wonse unali pamwamba pa masitepe. Chipata cha msonkhano anadzamangira nsungwi, ndipo alendo analowa bwinobwino.

Kenaka agogo anabwera pabwalo pathu, naima chofulatira nyumba. Ababa anali kuseri kwa nkhokwe, pafupi moti ankamva ngakhale kupuma kwawo. Koma mwambo ndi mwambo, anandiitana ine.

"Kawauze abambo ako kuti mitengo yawo yabwera."

"Ababa, akuti mitengo yabwera."

"Kawauze agogo ako kuti ndathokoza kwambiri," anayankha mawu a kuseri kwa nkhokwe.

"Agogo, akuti athokoza."

"Ndamva, sindine gonthi. Uwauzenso kuti ngakhale njira ya ngolo imakhala ndi popatukira. Munthu wanzeru ngati iwo, kumanga njira yopanda pothawira? Pachimwala paja pakhale malo. Ine sindikufuna kutayanso kabichi wanga."

Kuseri kwa nkhokwe ndinamva ababa akumina. "Uwauze kuti ndinayeza mwana, ndinaiwala kuyeza apongozi."

Zimenezo sindinachite kubwereza, chifukwa mapewa a agogo anali akugwedezeka kale ndi phwete.

Ababa anabwezeretsa nsanamira m'maenje ake. Pokhota anafukula masitepe angapo, nayalapo miyala yafulati yotakata, malo oti anthu awiri ndi dengu angadutsane. Anati amenewo amatchedwa popumulira, ndipo makwerero aliwonse aatali amayenera kukhala napo. Mbali ya chimwala anadula mtanda n'kusiya mpata, mbali zonse za mpatawo nsanamira zonenepa kuti dzanja langa lichoke pa ina n'kufikira pa inzake. Kuseri kwa mpatawo anasalaza kamalo kokwana munthu mmodzi wonyonyomala atayang'ana mwala. Iwo ankati popumulira, koma mudzi wonse unkati pa akamwini, ndipo amuna onse okwatira pamudzipo anapagwiritsa ntchito mpaka udzu unaleka kumerapo.

Lolemba ndinatsika choimirira. Zilonda za m'mawondo zinkakoka pasitepe iliyonse, koma mutu sindinaweramitse. Pobwera ndinadutsanso pabwalo la amalume kukapereka moni, ndipo ulendo uno ndinachita kusankha ndekha kugwada.

Ndikamakula ababa ankazula misomali n'kukweza mtanda pang'ono, chaka ndi chaka, mpaka unafika msinkhu wa munthu wamkulu. Nsanamira yonenepa ya pansi ija inakhala nthawi yaitali, ndipo mabowo a misomali yakale ankaoneka motsatana, kuchokera m'munsi kukwera. Pamasitepe amenewo ndinatsikira kukalemba mayeso a Sitandade 8, ndinatsikirapo ndi sutikesi kupita kusekondale ku Boma, ndipo patapita zaka ndinakwererapo ndili mphunzitsi. Agogo ndi ababa anamwalira asanayang'anizanepo, koma maso a agogo atachita khungu, dzanja lawo linkatsata paini yemwe mkamwini wawo anapala, ndipo wina akatchula ababa monyoza pamaso pawo ankaona zakuda.

Amalume sanapepese. Zaka zambiri ankadutsa pakati penipeni pa masitepe, manja atapinda kumbuyo, kuti chala chawo chisakhudze mtengo wa mkamwini. Chipani chinatha mphamvu, baji inalowa m'chikwama, ndipo mawondo awo anayamba kulira. Ndikapita kumudzi patchuthi ndinkakhala pakhonde la amayi, pomwe masitepe amaonekera bwino. Ndinkawaona akufika pansanamira ya pamwamba ndi kuima. Ankayang'ana uku, n'kuyang'ana uku. Akatsimikiza kuti palibe akuwaona, ankatambasula dzanja n'kugwira chogwirira zolimba, ndi manja awiri nthawi zina.

Pamenepo ine ndinkatsokomola.

Amayi ankandidzudzula kuti munthu wa tchalitchi satero, zakale n'zakale. Mwina ankanena zoona. Amalume ndinkawagulira mankhwala opaka m'mawondo, shuga ndinkawapatsa, atadwala ndinawaperekeza kuchipatala. Koma kutsokomola sindinasiye. Ankaumirira pomwepo, khosi lili gwa, osacheuka. Ndipo dzanja sankalichotsa, chifukwa akanalichotsa akanatsika ngati mmene ndinkatsikira ine.